Ndowa ya Mbewu Yomwe Ndinapatsa Mlendo wa ku Chipata

Mpunga wathu ku Chinguluwe unali wonunkhira mwakuti ukamauphika, anzako oyandikana nawo ankapeza chifukwa chodzapalira moto. Mbewu yake ndinaitenga kwa bambo anga, ndipo chaka chilichonse ndinkasankha ngala zabwino ndi manja angawa n'kuzisunga padera. Ondigula anali ophika a m'maloji awiri a ku Senga Bay. Sankagula wambiri, koma sankaphonya mwezi.

Kenako pawailesi anayamba kulalikira za malire. Ankati mayiko oyandikana agwirizana, wamalonda wamng'ono azingodzaza kapepala pa Mchinji n'kudutsa ndi katundu wake osavutitsidwa. Amuna anga anati zimenezo n'za anthu ovala mataye. Koma nthawi yokolola kunafikadi bambo wina wa ku Chipata ndi kalole kake. Chinyanja chake chinali chathu chomwechi, kungoti ankaponyamo timawu tina toseketsa. Ananunkhiza mpunga wanga m'chikhatho, kutseka maso ngati ali m'tchalitchi, n'kunena kuti atenga wonse, ndipo chaka chamawa ndilime wochuluka.

Ndinalimadi wochuluka. Ndinabwereka ndime ya mlamu wanga, ndipo ophika a ku Senga Bay aja ndinawauza monyada kuti ine tsopano ndikugulitsa kunja. Ndimachitabe manyazi ndikakumbukira mmene ndinakwezera mapewa tsiku limenelo.

Bamboyo tinamutenga ngati m'bale. Akabwera ankadya kwathu, ndinamupherapo nkhuku kawiri, amuna anga n'kumamutchula kuti achimwene. Chaka chachiwiri, lole itadzaza, anapempha mbewu pang'ono, ati mayi ake okalamba akayese padambo la kuseri kwa nyumba. Kwathu kuno mbewu samana. Munthu ungamumane ndiwo, ngakhale mchere, koma wopempha mbewu sabwerera chimanjamanja, ndipo sumulipiritsa. Ndinalowa m'nyumba n'kumudzazira ndowa, ya ngala zosankha zija, osati yakumsika. Amuna anga sanandiletse, poti nawonso analeredwa momwemo.

Chaka chotsatira anabwera koma anatenga theka lokha, ati malonda avuta. Chaka chinacho sanaoneke n'komwe. Matumba anadzaza chipinda cha ana mpaka anawo kumagona pabalaza, anankafumbwe n'kuyamba ntchito yawo. Foni ya bamboyo inkangoitana. Tsiku lina anayankha, mosangalala ngati palibe chachitika.

"Amayi, mbewu yanu ija ndi yodalitsika. Tinagawira alimi kuno, yachita bwino kwambiri. Pano sitikuvutikanso ndi ulendo wa ku Salima."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo. Akanandinamiza, bwenzi nditamutukwana mtima n'kuphwa, koma munthuyo ankandithokoza. Ndinafunsa za mayi ake okalamba aja, iye anati ali bwino, akupereka moni. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ukali umenewo sunandichokebe.

Ndinameza manyazi, n'kukweza thumba limodzi m'minibasi ya ku Senga Bay. Wophika wa loji yoyamba anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi, koma anati abwana ake anapeza kale wowabweretsera. Analowa m'sitolo n'kutuluka ndi paketi yapulasitiki yokongola yochokera kunja, mpunga wake wopetedwa bwino, wopanda kamwala ngakhale kamodzi. Malire aja anatsegukadi, ine mbuzi ndinkayesa kuti khomo lake ndi lotulukira lokha. Wophikayo anati mpungawo umachokera ku Zambia, umabwera pa lole mwezi uliwonse, komanso mtengo wake ndi wotsikirapo.

Anang'amba pakona ya paketiyo n'kundithirira pang'ono m'dzanja.

"Tanunkhizani, mayi. Ukufanana ndi wanu uja."

Sindinachite kuufikitsa kumphuno. Ndinamuuza kuti sukufanana ayi, ndi womwewo, mpunga wanga. Iye anaseka poyesa nthabwala, kenako anafunsa ngati angandithandize kunyamula thumba langalo kubwerera nalo pasiteji.