Nsalu Yoyera pa Beseni la Zitumbuwa

Munali m'mwezi wa Ogasiti, sabata yoyamba ya holide, tsiku la msika pa Kabudula. Dzuwa likutuluka n'kuti nditakhala kale pa njerwa ziwiri m'mbali mwa msewu wopita kuchipatala, beseni la zitumbuwa lili patsogolo panga. Ndinali Fomu 1, ndipo ndinali ndisanagulitsepo kanthu chibadwire.

Abambo, omwe ndi mphunzitsi wa kupulayimale, sankafuna. Anali atakonza zoti holide yonse ndikakhale kwa azakhali ku Mpingu, kukalera ana awo atatu ndi kuchapa matewera. Amayi ndiwo anandilankhulira, mpaka abambo anavomera msika umodzi wokha. "Beseni likabwera lodzaza," anatero, "mawa lake ukulongedza chikwama."

Zitumbuwazo ndinakonza ndekha. Nthochi ndinasankha zakupsa bwino, zamadontho akuda, mgaiwa ndinausefa kawiri, mafuta anali atsopano. Nditatha kukazinga ndinaziyala m'beseni mizeremizere, kenako ndinakumbukira fumbi la Ogasiti ndi ntchentche. Kusukulu anatiphunzitsa kuti chakudya chisamakhale pamtetete. Ndinatenga nsalu yokongola kuposa zonse m'nyumba mwathu, yoyera, yopeta maluwa ofiira m'mphepete, n'kuvundikira. Sizinandifike m'mutu kuti ndi nsalu imene amayi amavundikira chakudya akamapita ndi anzawo a kutchalitchi kukazonda odwala, ndi kuti dera lonse limaidziwa.

Pambali panga panali mayi wina wa mandasi, chitenje chake chili noninoni ndi mafuta. Mandasi ake anali pa lichero losavundikira, akuda ngati anakazingidwa mu oyilo wa pachigayo. Ntchentche zikatera ankaziingitsa ndi dzanja lomwe wangominira mamina. "Otentha, otentha!" ankakuwa, chonsecho anali a dzulo. Ndinamuona akudina limodzi ndi chala, chiboo chake sichinabwerere. Koma anthu ankagula. Azibambo obwera ndi matumba a mtedza panjinga ankaima, n'kumatafuna ndi fumbi lomwe, kwinaku akumuyamikira. Ndinkawayang'ana chamumtima ndikuti munthu angadye chilichonse, bola wina amukuwire m'khutu.

Pa ine panalibe woima. Ena ankayang'ana nsalu ija, kuyang'ana ine, n'kupukusa mutu mwachisoni. Wodula matikiti a msika anadula kwa mayi wa mandasi, atafika pa ine anangoti, "Pepa, mwanawe," n'kupitirira. Ine ndinkayesa n'chifundo chimene amachitira oyamba kumene.

Kenako anatulukira agogo ena aamuna, mkulu wa mpingo wathu, akukankha njinga. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Kodi wagonekedwa ndani, mwanawe? Aphunzitsi?"

"Ayi agogo, ali bwino."

"Mayi ako?"

"Ali bwinonso."

"Mwakula ndi mtima wobisa matenda kunyumba kwanu kuja. Ukudikira nthawi yoonera odwala, eti?"

Ndisanapeze mawu, anavula chipewa n'kuyamba kupemphera pamsewu pomwepo. Pemphero la mkulu wa mpingo mwana sadula. Ndinatsinzina, ndikumva akupempherera wodwala yemwe kunalibe, akudalitsa chakudya chimene mwana uyu wanyamula. Pomaliza ndinayankha kuti ameni. Apo m'pamene ndinazindikira zimene nsalu ija inkauza anthu kuyambira m'mawa.

Ndikanaivundukula nthawi yomweyo. Koma agogowo anawoloka msewu n'kukakhala pa benchi kwa wokonza njinga, maso ali kwa ine, ndipo tayala lawo linatenga maola. Kuchotsa nsaluyo iwo akuona kukanakhala kuwasandutsa chitsiru pakati pa msika. Ndinangokhala, manja ali pamwendo, zitumbuwa zanga zikuzizira.

Mayi wa mandasi anaseka mpaka kupukuta misozi. Iye ankadziwa kuyambira pachiyambi, pakuti fungo la nthochi yokazinga silibisika. Anandisiya dala. Anadikira mpaka lichero lake litayera, dzuwa litapendeka, agogo aja atapita, m'pamene anatambasula dzanja lake lija n'kukoka nsalu ya amayi anga.

"Iwe mwana wa aphunzitsi, wabwera kudzagulitsa kapena kudzakhuza maliro?"

"Ndimaopa ntchentche, mayi."

"Ntchentche ndiye kasitomala woyamba. Ikatera, anthu amadziwa kuti apa pali chakudya."

Anatola chitumbuwa osapempha, n'kutafuna nthawi yaitali ngati woweruza pa chionetsero cha zaulimi.

"Nthochi wachulutsa. Ukudyetsa alendo kapena ukuchita geni?"

Anatolanso china n'kumanga pansonga ya chitenje. Kenako anatembenukira kumsewu n'kukuwa kuti, "Zitumbuwa za odwala izi, zopemphereredwa kale."

Anthu anaseka, ndipo anabwera. Omwe aja anandipukusira mitu m'mawa, tsopano ankakankhana pa beseni langa, wina akufunsa ngati zimachiza nyamakazi, wina akupempha basela chifukwa akuti naye ndi wodwala. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti n'zosefa kawiri. Ankangoponya mkamwa monga ankaponyera mandasi a dzulo aja. Wodula matikiti naye anabwerera, chisoni chake chitatha. Koma msika unali ukubalalika, ngolo zikutembenuka, ndipo posakhalitsa ndinatsala ndi mbuzi zotola makoko a nzimbe. M'beseni munali mutatsala zoposa theka.

Panjira ndinadutsa khola la nkhumba la anthu ena. Ndinaima pang'ono. Ndikanakhuthula pamenepo, palibe akanadziwa. Koma ndinazikonza ndi manja anga, ndipo abambo sindinawanamizepo. Ndinasenzanso beseni.

Kunyumba ndinapeza abambo ali pakhonde, azimayi awiri a kutchalitchi akutsanzika. Anabwera kudzawazonda, atanyamula nthochi. Atachoka, abambo anavundukula beseni langa n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva kuti ndili pa bedi kuchipatala," anatero, osaseka.

Ndinafotokoza zonse nditagwada, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Amayi anali pakhomo la khitchini, atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Abambo anatenga chitumbuwa chimodzi, anadya chonse, n'kupukuta zala pa mpango.

"Kuphika umatha. Koma msika si kalasi, palibe amene adzakuloze kuti uyankhe. Ndikupatsa sabata yamawa yokha. Likabweranso chonchi, ku Mpingu."

Nsalu ija ndinaichapa, chidindo cha zala za mayi uja chinavuta kuchoka. Itauma ndinaibwezera m'sutikesi ya amayi. Ntchentche zokha sindidzazilola, kaya ndi makasitomala a ndani. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti mawa nditsuka ndowa ya pulasitiki yoonekera mkati, imene amayi amasungiramo nyemba, kenako ndipita kuseri kwa chigafa cha fodya cha amalume, kumene sikudutsa munthu, ndikaphunzire kuitanira zitumbuwa mokweza mpaka mbuzi za kudambo zitadzutsa mitu.