Chilango Chokumba Chitsa cha Msuku

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalandira chilango chimene mpaka lero ndikachikumbukira mtima umandiwawa. Kwathu ndi kufupi ndi Kabudula. Kuseri kwa mudzi wathu kuli kaphiri komwe kale anthu anadulako mitengo yonse pofuna milimo ya zigafa za fodya ndi nkhuni, mpaka kanangotsala zitsa ndi miyala. Ine ndisanayambe sukulu, anthu ena a m'mudzimo anagwirizana zokasamalira kuti kabwerere mwakale. Panalibe wowalipira. Bambo anga, a Phiri, anali m'gululo, pamodzi ndi mayi wina wamasiye wolankhula mosapsatira, a Nambewe, ndi ena ochepa.

Anthuwa sanadzale mtengo ndi umodzi womwe. Ntchito yawo inali yopatulira mphukira zotuluka pazitsa, kupirikitsa mbuzi, ndi kulambula udzu m'mbali monse mvula ikatha kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Loweruka lililonse ndinkawatsatira bambo. Akaweruka ankakhala pamthunzi wa mombo, a Nambewe n'kutulutsa chigubu cha thobwa, nthabwala ndi phwete zili mkati. Dzinja likafika tinkazula bowa mpaka kudzaza malichero, ndipo chakumtunda bambo ena anapachika ming'oma ya njuchi. Kaphiri kaja kanasanduka nkhalango tikuona ndi maso athu.

Ndili wamng'ono ndithu, bambo anandisonyeza chitsa cha msuku chomwe chinali ndi mphukira zambirimbiri. "Ichi ndi chako, Esinati. Sankha mphukira imodzi yamphamvu, zinazo uchotse." Ndinasankha, ndipo ndinaisamalira chaka ndi chaka mpaka inandipitirira msinkhu. Chaka cha chilangocho ndi chomwe msuku wanga unabereka koyamba. Ndinkapita kukaona masukuwo ali gwa, osapsa, n'kumawerengera kuti pofika Khirisimasi ayamba kulakatika.

Tsoka linalowa ndi a Kamwendo, bambo amene anabwerera kumudzi atapuma pantchito m'tauni. Sindinawaonepo atagwira chikwanje kukaphiriko. Koma gulu lija litauzidwa kuti likhale ndi wapampando, aliyense anakana. Bambo anga anati za misonkhano sazitha. A Nambewe anthu anawadumpha ati ndi mzimayi, komanso pakamwa pawo mpolusa. Ndiye anasankha a Kamwendo, poti anali ndi jekete ndiponso Chingerezi.

Mu Disembala kunamveka zoti kukubwera alendo a m'tauni ndi mbande za bulugama kudzadzala nafe mitengo. A Kamwendo sanaitanitse gulu. Anangopita kwa aphunzitsi athu, a Zimba, n'kupangana nawo. Lachisanu lina m'mawa, mvula itagwa yokwanira ndipo makolo onse ali kuminda kuwoka fodya, a Zimba anatitenga kalasi yonse ndi zikwanje kupita kukaphiri. Kumeneko tinapeza a Kamwendo akuloza ndi ambulera.

"Kuyambira pamwala uwo mpaka kunjira, gwetsani thengo lonseli. Alendo akufuna kuona mizere, osati zitsamba."

Anzanga anayamba kudula mosangalala, poti tsikulo masamu anali atawazemba. Timitengo tomwe bambo ndi anzawo anatilera zaka zonsezo tinkagwa ngati mapesi. Ine ndinathamanga kukaima patsogolo pa msuku wanga. Mnyamata wina wamkulu atafika ndi nkhwangwa ndinakana kusuntha.

"Aphunzitsi, ili si thengo. Ndi msuku wanga uwu, anandipatsa ndi ababa."

A Kamwendo anaseka. "Mwana wa ndani wopanda mwamboyu? Mtengo wa m'tchire unayamba liti kukhala ndi mwini?"

A Zimba anachita manyazi pamaso pa wapampando, ndipo manyazi awowo anathera pa ine. Anandikoka khutu, mtengo uja n'kudulidwa ndikuona. Kenako anandiponyera khasu.

"Poti ukuukonda kwambiri, ukumbe chitsa chake. Usachoke pano mpaka chizuke."

Amene anakumbapo chitsa cha msuku akudziwa mmene mizu yake imalowera pakati pa miyala. Ndinakumba dzuwa likukwera, dothi lofiira likumatirira kukhasu, masuku osapsa aja ali mbwee pansi, ena ataphwanyika ndi mapazi a anzanga. M'manja munatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Anzanga anaweruka, ine ndili m'dzenje. Sindinkalira chifukwa cha ululu ayi. Ndinkalira chifukwa ndinkadziwa kuti sindinalakwe, koma panalibe wondimvera.

Masana bambo anatulukira, miyendo ili matope okhaokha, a Nambewe ali pambuyo pawo. Mwana wina anali atakawauza kumunda. A Nambewe atangoona mbali yodulidwayo anagwira kumutu n'kuyamba kukalipa mpaka mawu kusasa. Bambo anatsikira m'dzenjemo. Kenako anandilanda khasu, n'kutembenuza manja anga kuwayang'ana.

"Tiye kunyumba."

Basi, mawu awo anali omwewo. Ine ndinkayembekezera kuti alunjika kwa a Kamwendo kapena kusukulu, koma tinangolowera kunyumba, mayi n'kundithira madzi amchere m'manja.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, gulu linakumana pansi pa mombo uja. A Nambewe anandigwira pamkono n'kundiimika pakati, manja anga ali poyera.

"Taonani! Mwana yekhayu ndiye anateteza thukuta lathu, ndipo malipiro ake ndi awa. Munthu wosadziwa ngakhale pomwe pamamera bowa angatidulire nkhalango ife tili moyo? Atule pansi udindo lero lomwe!"

Amuna aja ankangoyang'ana pansi, wina akutokosa dothi ndi kamtengo. Mmodzi anati madzi akatayika saoleka. Wina anati tikakangana panopa tichititsa manyazi mudzi wonse pamaso pa alendo. Onse anatembenukira kwa bambo anga, poti wolangidwayo anali mwana wawo.

"Alendo adutse kaye," anatero bambo motsitsa mawu.

"Adutse kaye? Inu a Phiri, alendo akadutsa mitengoyi idzukanso eti?" A Nambewe anakutumula chitenje chawo n'kunyamuka. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kukaphiri.

Tsiku la alendo amayi a m'mudzi anaimba nyimbo, ife ana a sukulu tili pamzere, aliyense atanyamula mbande yake m'kachubu. A Kamwendo anaima ndi jekete lawo n'kuuza alendowo kuti iwo pobwera kumudzi anapeza malowo ali tchire lopanda ntchito, ndipo kuti ndi khama lawo lomwe latsegula anthu maso. Sanatchule dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinafunafuna bambo m'khamulo, ndipo ndinawaona nawonso akuwomba. Matuza anapola, koma zimenezo ndiye zinandikhala kukhosi. Kwa masiku angapo ndinkawayankha bambo ndi mutu wokha.

Alendo anajambula zithunzi n'kukwera galimoto yawo. Sindiwaimba mlandu kwenikweni, poti iwo anaona zimene anawaonetsa. Mbande zija chiswe chinadya, zotsala mbuzi zinamaliza, ndipo a Kamwendo sanapiteko n'komwe kukaona. Pamalo odulidwawo, poti panalibenso mthunzi, panamera udzu wotalika kuposa munthu. Gulu linali litafooka, Loweruka ankapezeka awiri kapena bambo okha, ndipo ntchito yolambula m'mbali sinathe. Mu Seputembala moto wa osaka mbewa unalowera mu udzu umenewo, mphepo ikuukankhira kumtunda. Unapsereza mitengo, unanyeketsa ming'oma ya njuchi, n'kufika mpaka pamombo pomwe ankamwera thobwa. Anthu anathamangira ndi nthambi zaziwisi, koma anapulumutsa mbali yakuseri yokha.

Bambo anabwerako nsidze zitawauka, malaya akununkha utsi. Anakhala pakhonde. Nditawabweretsera madzi anandigwira mkono.

"Esinati, tsiku lija iwe unalankhula. Ife akuluakulu ako tinakhala chete."

Sabata yomweyo bambo, munthu amene ankati za misonkhano sazitha, anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu. Pamsonkhanopo anaimirira akuchita chibwibwi, thukuta lili kamukamu, koma ananena zonse, a Kamwendo ali pomwepo. Anapitanso yekha kukapepesa kwa a Nambewe, ndipo mayiwo atakanakana analola kukhala wapampando. Nkhalango inaphukanso, koma zinatenga zaka zambiri, ndipo ena mwa omwe anaiyambitsa anamwalira asanaione itabwerera. A Zimba anasamutsidwa osanena pepani. A Kamwendo mpaka imfa yawo ankauza anthu kuti a m'mudzi mwathu ndi osayamika.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo bambo ndinawakhululukira kalekale. Ndikumvetsa kuti anakulira m'mwambo woti munthu wabwino satsutsa pagulu, sachititsa mnzake manyazi. Koma ndaona kuti ulemu umenewo umapindulira anthu onga a Kamwendo, amene amadziwa bwino lomwe kuti ofatsa sadzawaletsa. Anthu aja anali ndi manja olimbika ndi mitima yabwino, koma pakamwa pawo anabwereketsa kwa munthu amene sanakhetsepo thukuta, ndipo zomwe anamanga pa zaka zambiri zinagwa m'mawa umodzi. Kusamalira chinthu sikuthera pa chikwanje ndi khasu. Ukachikonda uyeneranso kukakhala pomwe akuchikambirana, n'kukana mokweza nthawi isanathe, ngakhale mawu akunjenjemera, ngakhale akutche wamwano.