Kanyama kamene anandiikiza

Mwana wanga wamkazi atapeza ntchito ya unamwino ku Mangalande, anandisiyira mbale zosatsuka ndi kamakina ka masewera kokwana m'chikhatho. Anandifotokozera m'Chishona, monga amachitira ana athu ngakhale uwayankhule Chichewa, kuti m'kamakinamo muli zinyama zimene wakhala akugwira kuyambira ali kusekondale. Kenaka, pofuna kundiseka, anatembenukira ku Chichewa cha agogo ake.

"Mama, ndakuikizani ziweto zanga. Makamaka aka."

Anandionetsa kanyama kotuwa ka makutu ogwa, ka maso ngati a mwana wa mbuzi. Iye ankangocheza, koma ine mawu oti kuikiza sindiwatenga mwamasewera. Kwathu chiweto choikiza umachisamala kuposa chako, ndipo mwini wake akabwera umam'bwezera chili bwinobwino.

Zinali zaka zija petulo ankasowa. Munthu unkatha tsiku lathunthu pamzere wa magalimoto ku Kadoma, ndipo m'menemo ndi mmene ine, mphunzitsi wa imvi zoyamba, ndinaphunzirira masewerawa. Umayendetsa kamunthu m'udzu wautali, chinyama chimakulumphira, umachimenyanitsa ndi chako mpaka chitafooka, kenaka umachigwira. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza. Kanyama ka mwana wanga kakangokandika pang'ono, ndinkathamangira nako kuchipatala cha m'masewerawo, kumene mankhwala ankapezeka ndipo mzere kunalibe. Mabatire ndinkachotsa mu wailesi ya amuna anga. Anadandaula, koma kusamva nkhani za nthawi imeneyo kunawanenepetsa.

Loweruka ndinkapita ku Chegutu kukaona bambo anga, amene anagwira ntchito mumgodi mpaka msana unawakana. Anthu anali kalikiliki kugawana mafamu, ife a makolo ochokera ku Nyasalande tikungoonerera, poti ankati tilibe kwathu. Bambo anayang'anitsitsa kamakinako atakasendeza pafupi ndi mphuno.

"Munda sanatipatse, koma iwe uli ndi khola lathunthu m'chikwama. Zimadya chiyani?"

"Mabatire, bambo."

"Bola ng'ombe," anatero.

Tsoka linandigwera Loweruka lina mu kombi, minibasi ya kuno, tikuyandikira Chegutu. Kanyama kaja kanapambana ndewu, kenaka kanayamba kuthwanima. Ndinkayesa mabatire akutha. Kuwalako kutaleka, pamalo pake panaima chimphona cha nyanga, mano ali pamtunda, mapewa ngati a wonyamula matumba a chimanga. Ndinaganiza zozimitsa kuti mwina kabwerera, koma mwana wanga anali atandikhomerera kuti ndisamazimitse ndisanadine batani losunga pamene ndafika m'masewerawo. Ine, womvera malangizo, ndinasunga kaye. Nditayatsanso, chimphonacho chinali pomwepo, ndipo tsopano chinali chitakhazikika.

Ndinafika kwa bambo nkhope ili yakugwa, ndipo iwo anazenga mlanduwo atakhala pa mpando wawo wa pakhonde.

"Chabedwa?"

"Ayi."

"Chafa?"

"Ayi, bambo, chakula. Koma chanyansa."

"Aziko ndaba," anatero m'chiyankhulo cha kumgodi, kutanthauza kuti palibe mlandu. "Ukaikiza thole sukatenganso thole, umakatenga ng'ombe. Iwenso unali wokongola uli wamng'ono."

Ndinaseka, koma mtima sunakhale m'malo. Mwanayo anasiya zambiri pochoka, ndipo chimene anandipempha kuti ndimusungire chinali chimodzi chokhachi.

Lamlungu anaimba foni. Ndinazungulira kaye ndi nkhani za magetsi ndi za sadza, nsima ya kuno, ya ufa wachikasu, kenaka ndinaulula. Anaseka mpaka kutsamwa. Atapuma anandiuza kuti zinyamazi zimasintha choncho zikakhwima, ndipo kanyama kaja kakanasintha kalekale. Nthawi iliyonse kakayamba kuthwanima, iye ankadina batani lina lokaniza, zaka zonsezo, chifukwa ankafuna kuti kakhale kakang'ono.

Ndinapsa mtima. "Ndiye bwanji sunandionetse batanilo?"

"Ndinaiwala, mama. Kodi mukanalidina?"

Ndinamukumbukira tsiku lonyamuka, atavala chikhoti chachikulu cha kwa azungu dzuwa likuswa mtengo, akukoka sutikesi osacheuka kuopa kulira. Ndinamusowa kwambiri nthawi yomweyo.

"Ndikanalidina," ndinatero. "Ndikanalidina pa iwe, usanafike n'kusekondale komwe."

Ulendo uno mwanayo sanayankhe m'Chishona.

"Chisamaleni chimphonacho, mama. Ndibwera pa Khirisimasi kudzachiona."

Nditaika foni pansi, ndinapita kukachotsa mabatire mu wailesi ija.