Mipando ya Azibambo pa Maliro a Amayi

Ababa anga anakhala kochi wa mpira kuyambira ine ndisanabadwe mpaka nditakwatiwa n'kubereka ana. Anayambira ku timu ya kampani ina ku Limbe. Kenako anapita ku timu yaikulu ya mu ligi, anawachotsa, anawaitananso, anawachotsanso, ndipo anakamalizira ku koleji ina momuno mu Blantyre. Anyamata a ku kolejiko, amene ankasunga mabuku ndi nsapato za mpira m'chikwama chimodzi, anawakweza mpaka kulowa nawo mu ligi. Mu Nkolokosa monse ankangoti akochi. Koma mukanafunsa kuti akochiwo munawaonapo liti atakhala pansi pamaliro, aliyense akanangokanda mutu.

Loweruka ndi Lamlungu sanali masiku athu. Lachisanu masana ababa ankanyamula kachikwama kukalowa kampu, ndiko kuti timu yonse kukagona malo amodzi kudikira masewero, osatuluka, osalandira mlendo. Ndiye anali ndi lamulo lawo limene ankalinyadira zedi. Wosewera akalowa kampu satulukamo chifukwa cha maliro, pokhapokha ngati amwalira ndi mayi kapena bambo ake omubereka. Amalume, azakhali, neba, ayi ndithu.

"Kwathu kuno maliro satha," ankatero. "Ukalola mmodzi, mawa pabwalo utsala ndi mpira wokha."

Chilungamo chake, lamulolo ankayamba kulisunga ndi iwowo. Mchimwene wawo weniweni anaikidwa iwo ali chiimire pambali pa bwalo, akukalipira oyimbira.

Amene ankayenda maliro anali amayi. Uthenga ukangomveka, chitenje m'chiuno, kambale ka ufa m'manja, ulendo. Nkolokosa, Chimwankhunda, Kanjedza, konseko anapondako. Akafika ankagwada pamaso pa anamfedwa n'kunena mawu awo a masiku onse: "Ndabwera m'malo mwa bambo, ali kuntchito." Ine mawu amenewo ankandiwawa. Ntchito yanji yoposa munthu? Amayi ankangonditsina kuti nditseke pakamwa. Ndipo amayi omwewo ndi amene ankachapa majezi a timu pamene wochapa wathawa, n'kumaphikira anyamata a ku koleji amene ankatulukira kwathu maso ali gwa ndi njala. Ankawatcha ana anga, iwonso ankati mayi wathu.

Amayi anamwalira Lachinayi m'mawa, atadwala pang'ono chabe. Achibale anagwirizana zoika Loweruka, kuti akumudzi afike. Nthawi imeneyo ababa anali atapuma, mawondo atawakana, ndipo timu ya ku koleji anaisiya m'manja mwa mnyamata wawo wakale amene ankawagwirira pagolo. Loweruka lomwelo timuyo inali ndi masewero oti ikagonja ituluka mu ligi. Ine ndinkadziwa zimenezo, ababanso ankadziwa, koma palibe anatchula.

Ababa anandituma kukabwereka mipando kutchalitchi. Nditabweretsa, anati yachepa.

"Kawonjezere. Anyamata anga abwera. Ndi amene anyamule mayi wawo."

Pamaliro kwathu kuno azimayi amakhala m'nyumba ndi mtembo, azibambo panja. Eee, azimayi anabwera! Anadzaza pabalaza, kukhonde, kuseri kwa nyumba mpaka m'kanjira ka kwa aneba. Ena sindinkawadziwa n'komwe, ankangondigwira mkono n'kunena kuti amayi anu anandigonera pamaliro a mwana wanga. Koma panja, pansi pa tenti, zinali zomvetsa manyazi. Amalume, akuluampingo angapo, ndi aneba athu achisilamu oyendetsa lole, amene anakhala pafupi ndi ababa kuyambira tsiku loyamba osayankhula zambiri. Azibambo ena a m'dera ankabwera, kupepesa ali chiimire, n'kubwerera. Sankadana nawo ayi. Anali munthu amene ankamuona patali, pabenchi ya timu, osati mnzawo wokhala naye pamoto wa pamaliro. Wina ndinamumva ndi makutu angawa akunong'oneza mnzake potuluka pageti kuti, "Kodi akochi njira ya kumanda amaidziwa?"

Loweruka m'mawa ababa anavala jekete la timu, lija la chizindikiro pathumba, n'kukhala kutsogolo kwa mipando yopanda anthu, maso kumsewu. Minibasi iliyonse ikaima, ankadzuka pang'ono. Dzuwa linafika pamutu. Abusa anamaliza ulaliki, anawonjezera nyimbo, anawonjezeranso ina, kenako anandikodola. Ababa anali atawapempha kale kuti adikire pang'ono, n'kuwapemphanso.

Mtima unandiphulika. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumuimbira foni kochi uja.

"Achimwene, mulibe manyazi? Amayi aja ankakuchapirani masokosi onunkha, lero muli kuti?"

"Achemwali, pepani," anatero. "Tili mu kampu. Anyamata akulira muno, ena sanadye n'komwe. Koma lamulo ndi la madala omwewo, ine ndinangolipeza. Ndikawatulutsa lero, madalawo ndikawayang'ana bwanji kumaso?"

Foni sindinaidule. Ndinapita pa tenti n'kuwaika ababa foni m'manja, mwamwano ndithu, kuti amve okha zimene anaphunzitsa. Anamvetsera nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena alamula kuti anyamata akwere basi pompo, chifukwa mawu awo akanamveka. Iwo anangotsokomola.

"Ayi, wachita bwino. Si mayi awo owabereka." Kenako anafunsa: "Pagolo waikapo ndani?"

Ndinafuna kukuwa. Koma pobweza foni ija inawapulumuka n'kugwera m'fumbi, ndipo amene anaitola anali aneba a lole aja.

Bokosi analinyamula azimayi a kumpingo, atavala zoyera zawo, kuchokera m'nyumba mpaka pagalimoto. Ankasinthana, ndipo amene ankafuna kugwirako anachuluka kuposa malo ogwira. Ababa anatsatira pambuyo, okha, akutsimphina. Ku Nkolokosa sikutali kwenikweni ndi sitediyamu, mphepo ikawombera kuno phokoso limamveka. Tikubwera kumanda madzulo linamveka lalikulu, la chigoli. Azibambo ochepa amene analipo anatembenuka onse. Ababa sanatembenuke.

Anyamata anabwera mawa lake, timu yonse, atanyamula shuga ndi sopo. Anali atapambana. Anakhala pansi pakapinga chifukwa mipando inali itabwezedwa kale, ndipo ena analira ngati ana. Ababa anawagwira chanza mmodzimmodzi, koma za masewero sanafunse.

Pano ababa amakhala okha m'nyumba muja. Ndinawapempha kuti abwere kwathu ku Kanjedza, anakana. Kusitediyamu anasiya kupita, ngakhale pageti amalowa mosafunsidwa. Ndinkaganiza kuti Loweruka amangogona, mpaka tsiku lina nditapita ku Chimwankhunda kumaliro a apongozi a mnzanga wa kuofesi. Nditasuzumira kwa azibambo, ndinawaona kumapeto kwenikweni kwa mzere, chipewa pabondo, opanda woyankhula nawo. Mayi wina wa kumpingo anandiuza kuti sabata iliyonse ababa amawafunsa kumene kwagwa zovuta, makamaka m'mabanja amene amayi ankayendako, ndipo amapita, kaya ndi kutali.

Ndinaima pakona ya nyumba kuwayang'ana. Itafika nthawi yopepesa anadzuka, anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panakhala bambo wamasiye, munthu amene sanakumanepo naye. Anagwira mpando, napinda mawondo awo ovutawo mpaka anagwada. Bamboyo anawayang'ana modabwa, akufunafuna nkhope m'mutu.

"Simundidziwa," anatero ababa. "Ndabwera m'malo mwa mayi."