Injini ya bambo anga ndi mkazi wa mu foni

Bambo anga atamwalira anandisiyira boti, injini ndi chilimira, ukonde waukulu uja wokokera utaka. Analibe mwana wamwamuna, ndiye zonse zinagwera ine. Anthu ankati ndachita mphumi, koma ankaiwala chinthu chimodzi: zida zimenezi zimagwira ntchito ku chilumba cha Mbenji, ndipo ku Mbenji mkazi sapondako. Lamulo limeneli ndinalipeza ndipo sindinalitsutsepo. Pachilumbapo salola mowa, chamba, juga ndi akazi. Choncho chuma changa ndinkangochiona chikunyamuka padoko mu Epulo, n'kumachidikira mpaka Disembala, akatseka chilumba kuti nsomba ziswane. Amene ankapita nacho m'malo mwanga anali mwamuna wanga.

Ndisamunamizire, pamadzi anali katswiri. Ankadziwa pokhala utaka, ndipo alovi, anyamata okoka ukonde aja, ankalimbirana kukwera boti lathu. Matenda ake ankayamba akaponda kumtunda. Miyezi yotseka chilumba ankaithera pa msika, m'kanyumba koonetsa mpira, akubetcha matimu a kunja amene ngakhale mayina awo ankawatchula movutikira. Ukamunena kuti akutchova juga ankakwiya zenizeni.

"Mayi a mwana, juga ndi ya anthu opanda mutu. Ine ndimawerengera," ankatero.

Kuwerengerako kunali ndi malamulo ake, ndipo ankandiphunzitsa ngakhale sindinapemphe. Timu imene umaikonda usaibetchere, mtima umanama. Usabetche wopambana, betcha makona, chifukwa makona sasankha mbali. Ukaluza lero, mawa uike kawiri, tsiku lowina zonse zibwerera. Ndinkamufunsa kuti nanga tsiku lowinalo likachedwa tidya makonawo? Ankaseka, n'kunena kuti timu imodzi yokha ndi imene yamuphera tikiti. Nthawi zonse inali timu imodzi yokha.

N'chifukwa chake ine Epulo ndinkamukonda. Akazi anzanga ankatsazikana ndi amuna awo nkhope zili zakugwa, ine ndikuvina chamumtima. Chilumba chinali chipatala cha mwamuna wanga. Akawoloka, kanyumba ka mpira kankatsala kuno, ndipo nsomba zinkabwera, mathandala anga oyanikapo utaka ankadzaza, ana ankapita kusukulu atavala nsapato. Tinakhala motero zaka zingapo, miyezi yotseka kuwononga, miyezi inayo kukonza.

Kenako anagula foni yaikulu ija yongosisita. Tsiku lina masana, ndikusankha mpunga pakhonde, anandiitana kuti ndione zodabwitsa. Mu fonimo munali mkazi weniweni, wamoyo, wa zikhadabo zazitali, ataima kuseri kwa tebulo lobiriwira akugawa makadi. Ankamwetulira n'kumayankhula Chingerezi chofewa. Mwamuna wanga anati masewerawa ndi osavuta: makadi ako akwane 21 osapitirira, umupose mkaziyo, basi wadya.

"Mpira umadikira Loweruka. Uyu sagona, sapuma, nthawi iliyonse ali pompo," anatero monyadira.

Ndinamuyang'ana mkazi uja ndipo ndinadana naye pomwepo. Koma ndinadzitonthoza kuti Epulo ali pafupi.

Tsiku lotsegulira chilumba akomiti oyang'anira malamulo a pachilumbapo amasecha katundu wa aliyense asanakwere boti. Ndinaima pafupi ndikuonerera. M'chikwama cha mlovi wina anapezamo makadi akale, othimbirira ndi mafuta a nsomba, ndipo anawang'amba pamaso pa anthu onse. Atafika pa mwamuna wanga anagwedeza chigubu chake n'kununkhiza ngati muli kachasu, anapisa m'matumba, kenako mmodzi anatola foni ija. Anaitembenuza uku ndi uku, anaiyamikira kukongola, anafunsa kumene anaigula, n'kumubwezera. Foni sakaniza, chifukwa asodzi amaimbirana ndi ogula nsomba. Ka sola kotchajira nakonso kanadutsa bwinobwino.

Mwezi woyamba nsomba zinabwera ndithu. Wachiwiri zinayamba kuchepa. Ndikamuimbira mwamuna wanga ankati mwera wavuta, madzi sakuloweka. Koma mwera womwewo sunkavuta maboti a anzathu, mathandala oyandikana ndi anga ankachita kulemedwa ndi utaka. Anga anali mbee, ana a eni ake akuseweretsapo zidole. Ndinayamba kudzuka ndi mutu tsiku ndi tsiku.

Amene anandiuza zoona anali mkulu wa alovi athu, bambo wachikulire wa Chisilamu amene anagwira ntchito ndi bambo anga kuyambira ndili wamng'ono. Ndinkawatchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale. Anabwera ndi boti lodzatenga ufa ndi nkhuni, ndipo m'malo mopita kwawo anafikira kwanga. Anakana mpando, anakhala pa chitsa, n'kuvula kofia yawo.

"Mwanangu, Wallahi, sindinabwere kudzapasula banja. Nsomba tikupha, zambiri kuposa chaka chatha. Koma amuna ako akugulitsira konko, ndalama zikulowa mu foni, ndipo sizikutulukamo. Anyamata sanalandire gawo lawo. Tikamakonza ukonde iwo ali kuseri kwa mwala, kumene netiweki imakoka bwino."

"Amalume, nanga akomiti a konko sakuona?"

"Akuona munthu ali pa foni. Aliyense ali pa foni." Anapotokola kofia ija. "Palinso china. Injini aikitsa pinyolo kwa wogula nsomba wina wa ku Lilongwe. Mwezi ukatha asanabweze, atenga."

Injini imeneyo bambo anga anaigula atagulitsa ng'ombe zawo zonse, ndipo ankaipukuta ndi nsalu ngati mwana wakhanda. Popanda injini boti silifika ku Mbenji, ndipo chilimira chimangokhala mulu wa ulusi. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti ine mwini wake sindikanatha kukwera boti kukailanda. Ine wobadwira pano, wodziwa fungo la utaka kuyambira kubere, ndine woletsedwa. Koma mkazi wa zikhadabo uja anawoloka m'thumba la malaya, ndipo ankakhala pachilumba usana ndi usiku akudya thukuta la bambo anga.

Ndinamuimbira mwamuna wanga nthawi yomweyo amalume ali pompo. Sanakane n'komwe. Anayankhula modekha, ngati mphunzitsi.

"Mayi a mwana, musamve za anthu. Makadi ali ndi nyengo yake ngati nsomba. Ndawaphunzira, ndikudziwa mmene akuyendera. Ndaluza motsatizana, ndiye kuti kuwina kwayandikira. Ndikasiya pano ndiye kuti zonse zija zapita ulele."

"Bambo a mwana, injiniyo ndi yanu?"

"Ndi ya banja. Ndipatseni sabata imodzi."

Anadula foni. Amalume anavala kofia yawo n'kunyamuka.

Ndinaganiza masiku awiri. Ndikakhala chete, injini ipita ndili kuno. Ndikakanena kwa akomiti, amuthamangitsa pachilumba, ndipo wothamangitsidwa amachoka ndi zida zake zomwe mpaka chaka chamawa. Alovi ataya ntchito pakati pa nyengo, ine nditaya nsomba za miyezi yotsalayo, ndipo dera lonse lidziwa kuti mkazi wakaneneza mwamuna wake. Koma boti likabwera kumtunda, injini ikhala pamalo pamene ine ndingathe kuima n'kuigwira ndi manja anga. Ndinasankha injini.

Akomiti amakhala pa chisakasa cha padoko. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Nkhani yanga inawasokoneza. Wina anati juga imene makolo analetsa ndi ya anthu kukhala mozungulira makadi, kukangana mpaka kutulutsirana mipeni, tsono munthu ali yekha ndi foni yake walakwira ndani? Wina anati tikayamba kuletsa mafoni, nsomba tizigulitsa bwanji? Wachitatu, wokonda nthabwala, anafunsa kuti kodi mlandu ndi wa juga kapena wolowetsa mkazi pachilumba. Anaseka onse, ine sindinaseke. Pomaliza wamkulu wawo anandifunsa funso limodzi.

"Mayi, ndalama zikumapita osabwerera?"

"Zikupita, bambo."

"Ndiye ndi juga imeneyo. Mawa atsike."

Boti linafika dzuwa lili paliwombo, padoko pali anthu ochuluka ogula nsomba. Nkhani inali itawanda kale, moti ngakhale amayi ogulitsa mandasi anasiya mabeseni awo kudzaonerera. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje chikunyowa, kuti ndikhale woyamba kugwira injini. Ndinaigwiradi. Inali yotentha, ikununkha petulo.

Sindinadziwe kuti wa ku Lilongwe uja naye anamva. Anali ataimika galimoto yake pansi pa mtengo kuyambira m'mawa, ali ndi anthu awiri amene analipo tsiku la pinyolo. Anabwera mwaulemu, anandipatsa moni, n'kunena kuti iye mwezi akanadikira, koma munthu wothamangitsidwa pachilumba abweza ndi chiyani? Ndinakuwa kuti injini ndi yanga, ya bambo anga, aliyense pano akudziwa. Anthu anavomereza kuti inde akudziwa. Koma anatinso amene wakhala akuyenda nayo zaka zonsezi, kugula mafuta ndi kugulitsa nsomba, ndi bambowa, ndipo wogulayo sakanadziwa za m'nyumba mwathu. Akomiti anati iwo amaweruza za pachilumba, za pinyolo ndikadandaule kubwalo la milandu.

Ndinakumbatira injini ija ndi manja onse awiri. Palibe mlendo amene anandikhudza. Anali mwamuna wanga amene anandichotsa zala chimodzichimodzi, mofatsa, osandiyang'ana kumaso. Kenako anamasula yekha zomangira, chifukwa ndi iye ankazidziwa bwino, n'kuthandizana ndi anthu aja kuinyamula mpaka pa galimoto. Ndinalira mokweza ngati pamaliro, ndipo sindinachite manyazi.

Alovi anatsitsa chilimira n'kuchiunjika pamchenga. Mmodzimmodzi anatola zikwama zawo kupita kukafunsa malo m'maboti ena. Amalume anatsala pang'ono, kenako anabwera kudzanditsanzika mwaulemu wonse, monga ankachitira ndi bambo anga. Anati ali ndi adzukulu oti adye, ndiwakhululukire, Insha Allah tidzagwiranso ntchito limodzi. Tonse tinkadziwa kuti sizidzachitika. Kubwalo ndinapitako, nkhani inangoyendayenda mpaka ndinatopa, ndipo injiniyo ndinamva kuti inagulitsidwa ku Chipoka. Lero ndimapikula utaka m'maboti a anthu amene kale ankapikula kwa ine.

Koma chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi ulendo wobwerera kunyumba masana amenewo. Ndinali patsogolo, chitenje chonyowa chikumata m'miyendo, iye akunditsatira ndi chikwama chake. Sitinayankhulane njira yonse. Ndinkaganiza kuti mwina akufunafuna mawu opepesera, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kukonza zomuyankha. Titafika pakhomo anaika chikwama pansi, anakhala pakhonde, anapisa m'thumba n'kuyang'ana foni yake. Kenako anadzutsa mutu.

"Mayi a mwana, tandibwerekeni foni yanu pang'ono. Yangayi yatha moto."