Masabata Atatu Nyambo Ili Phee M'madzi

Ndikakumbukira nyengo imeneyo, chimene chimayamba kubwera ndi msana wa bambo anga. Akhala pa chidebe chovundikira m'mphepete mwa mtsinje wa Roding, avala jekete lalikulu labuluu limene mayi anawagulira atangofika ku London, ndipo ndodo yowedzera yatsamira pa kamtengo kamphanda kamene athyola okha patchire. Masamba achikasu akugwera pamadzi n'kumayandama pang'onopang'ono kulowera kumlatho. Kukununkha matope, masamba owola ndi utsi wa magalimoto a pamsewu waukulu umene suoneka koma umamveka tsiku lonse. Ine ndakhala pambali pawo ndi fulasiki ya tiyi ndi zitumbuwa zokulunga m'pepala. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali ndi kabuku kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku. Kabukuko ndikadali nako. Patsamba la tsiku limenelo pali mizere iwiri yokha: "Lero sitinaphe kanthu. Ndikudziwa chifukwa chake, koma sindinganene."

Mayi ndi ine tinafika ku Ilford zaka zinayi bambo asanatitsatire. Mayi anali namwino pachipatala chachikulu cha ku Romford, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka lendi pamwamba pa sitolo ya mafoni. Bambo anatsala ku Chikwawa, kumene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale, munthu amene akamadutsa pamsika anyamata ankatulutsa manja m'matumba. Atatipeza, anauzidwa kuti mapepala awo a uphunzitsi sakukwanira kuno. Anayesa ntchito yonyamula makatoni, koma kapitawo wake anali wa msinkhu wa ana amene iwo anawaphunzitsa kalekale, ndipo ankawaitana ndi dzina lawo loyamba. Anagwira masabata awiri n'kusiya. Kuyambira pamenepo, ndikabwera kusukulu kuti nditsuke mbale, nditsitse matumba a zinyalala kapena ndinyamule zovala kupita kochapira, ndinkawapeza akusita malaya oyera amene analibe koti n'kuwavalira. M'nyumba munkanunkha nthunzi ya simbi ndi polishi wa nsapato.

Lamulungu lina masana, ndikutsuka mbale, ndinamva bambo akuuza mayi kuti agula tikiti yopita kumudzi mu Disembala, kuti akaone denga la nyumba mvula isanalimbe. Mayi anafunsa kuti, "A Phiri, kukaona denga kumafuna masutikesi awiri?" Ndinapitiriza kutsuka mphika woyera kale, ndipo ndinamvetsa kuti akapita mwina sadzabweranso.

Bokosi la nyambo zowedzera tinalipeza pamsika wa ku Romford Loweruka lotsatira, patebulo la mkulu wina wogulitsa zinthu zakale. Anati linali la malemu mchimwene wake, amene ankapita ku nyanja zofunda za ku America kukawedza nsomba yotchedwa snook. Bambo atalitsegula, nkhope yawo inasintha mmene ndinali ndisanaionere chifikireni chawo. Munali nyambo zopanga zamitundumitundu: tinkhanu toyera tofewa ngati maswiti a mphira, ina ya mutu wa mtovu ndi mchira wa ubweya, ina yonyezimira ngati supuni, ndi kansomba kolimba kotalika ngati chikhatho changa, koyera thupi, kofiira mutu, kokhala ndi timikanda m'kati tolira tikagwedezeka. Munalinso zidutswa za chingwe chokhuthala zomangira kumapeto, ndi kapulaya kochotsera mbedza. Bambo anagula bokosi ndi ndodo yomwe. Mayi anawadulira chiphaso chowedzera pafoni, n'kuwachenjeza kuti kumalo amene tinkafuna kupitako nsomba ukaigwira umaibwezera m'madzi. Bambo anaseka, anati ayambe kaye aigwira, mlandu wake tikamba pambuyo.

Sabata imeneyo analankhula kwambiri kuposa miyezi yonse yapitayo. Anandiuza za Shire, za milamba ndi makakana, za kukumba nyongolotsi pansi pa nthochi m'mawa mame asanaume. Anati msodzi weniweni amalavulira nyambo asanaponye, akaponya amakhala pansi, ndipo sagwedeza madzi, chifukwa nsomba imabwera yokha potsata fungo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Ine ndinamvetsera n'kupanga pangano langa mumtima, la mtundu umene ana okha amapanga: bambo akapha nsomba m'dziko lino, sachoka.

Chifukwa cha pangano limenelo, ndinayamba kudya msanga nthawi yopuma kusukulu n'kuthamangira ku laibulale kukawerenga pakompyuta za snook ndi nyambo zake. Ndinapeza kuti snook kuno kulibe, koma m'mitsinje ya kuno muli nsomba ina yamano yotchedwa pike imene khalidwe lake n'lofanana: imabisala mumthunzi, pansi pa milatho ndi m'mizu ya mitengo, n'kumadikira kansomba kofooka kadutse. Ndinapeza kuti madzi akakhala oyera umasankha nyambo yooneka ngati nsomba yeniyeni, ndipo akakhala amatope umasankha yowala ndi yaphokoso. Koma chachikulu chinali ichi, ndipo ndinachilemba m'kabuku kanga n'kuchitseka mzere kawiri: nyambo yopanga ilibe fungo, ilibe kukoma. Nsomba imaigwira pokhapokha ikuyenda ngati yavulala, kukoka pang'ono, kuima, kukokanso. Ikangokhala pansi pamadzi ndi chinyalala ngati chitsekero cha botolo.

Ndiye Loweruka loyamba, bambo atalavulira kankhanu kapulasitiki, kuponya pakati pa mtsinje, kuika ndodo pamphanda n'kukhala pachidebe, ndinadziwa kuti tikhala pamenepo mpaka tiyi atazizira. Anzanga a m'kalasi ankawongola makolo awo poyera, ngakhale pamaso pa aphunzitsi, koma kwathu sizinali choncho. Bambo ankanditcha Mayi, chifukwa ndinatenga dzina la mayi awo, ndipo ankandilankhula ndi ulemu wa munthu wamkulu. Ulemu umenewo unkandimanga kwambiri kuposa kukalipa. Komanso ndinkaona kuti m'dziko limene sankadziwa kudutsa pamakina a tikiti ya sitima popanda ine, kuwedza ndiko kokha kumene kunatsala kuti iwo ndi odziwa ndipo ine ndi mwana. Ndikanawalanda bwanji chimenechonso? Ndinakauza mayi ali kukhitchini akukonza chakudya chonyamula kuntchito. Anati, "Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Uwauze wekha. Ndikanena ine, akwera ndege mawa lomwe, sadikira Disembala."

Sindinawauze. Loweruka lachiwiri ankasintha nyambo ola lililonse ngati kuti yoyambayo yasukuluka, ndipo iliyonse ankailavulira mokhulupirika. Loweruka lachitatu anabweretsa usipa wouma wogula pasitolo ya zakudya zakwathu, n'kumangirira kachidutswa ku nyambo yaubweya ija. Usipawo unanyowa n'kusungunuka. Masiku anali kufupika, mitengo inali kutsala mbee, zala zanga zinkachita dzanzi ngakhale m'magolovesi, ndipo nkhani za Shire zinali kuchepa. Popinda ndodo tsiku limenelo anati, "Mitsinje ya kuno ndi yokongoletsa chabe, Mayi. Sabata yamawa tipite kotsiriza, kenako bokosili tikapereke kutchalitchi akagulitse." Sabata yonseyo ndinalephera kumva za m'kalasi. Ndinalemba m'kabuku njira zisanu zowauzira n'kuzifufuta zonse. Yachisanu ndi chimodzi sindinaifufute.

Loweruka lachinayi mvula inali itagwa masiku awiri, ndipo madzi anali ngati tiyi wamkaka. Asanakhale pachidebe ndinati, "Adadi, tandiphunzitsaniko kuponya." Anakondwa, ndipo nthawi yomweyo mawu awo anabwerera kukhala a mphunzitsi. Anandiuza kuti ndisankhe nyambo, ndipo ndinatenga kansomba kofiira mutu kaja, ndikunena kuti n'kokongola. Ndinadandaula za mphepo mpaka tinasunthira pafupi ndi mlatho. Anandionetsa kagwiridwe, kaimidwe ka miyendo, ndi nthawi yotulira chala pachingwe. Ndinaponya moipa mwadala, pafupi ndi chipilala cha mlatho, n'kunena kuti sinafike patali, ndiyesenso. Pokoka ndinkazunguza kagudumu kokulungira chingwe katatu n'kuima ngati kandilimbira, n'kuzunguzanso. Bambo ankandiwongola chigongono, ine n'kumalakwitsabe. Ulendo wachisanu ndi chimodzi, nyambo itatsala pang'ono kufika pamapazi athu, kumbuyo kwake kunatuluka mthunzi wautali ngati mkono wanga wonse, wobiriwira, wamawangamawanga achikasu. Unaima nyambo itaima. Kenako unatiwona, unatembenuka, madzi n'kuwinduka.

Bambo anayang'ana madzi, anayang'ana nyambo imene inali kulendewera kunsonga kwa ndodo ikudontha, kenako anatambasula dzanja ndipo ndinawapatsa. Anaponya pafupi ndi chipilala chomwecho, ndipo sanakhale pansi. Anazunguza katatu n'kuima, ndendende mmene ndinachitira ine. Ulendo wachitatu ndodo inapindika mwadzidzidzi ngati yakola muzu, koma muzuwo unayamba kuthamanga. Zimene zinatsatira sanaphunzire kwa munthu kuno. Ankadziwa nthawi yolola chingwe chipite ndi nthawi yokoka, ankayenda m'mphepete mwa madzi nsapato zopolishidwa zija zikumira m'matope, ndipo ankailankhula nsombayo motsitsa m'Chisena chimene sindinkachimva bwino. Ataifikitsa pa udzu wonyowa tinaona mano ake, mizeremizere ngati singano, ndi mmene inapalira chingwe chokhuthala chija. Anaichotsa mbedza ndi kapulaya, anainyamula ndi manja awiri, anaiyeza ndi maso n'kunena kuti kwathu imeneyo ndi ndiwo ya masiku atatu. Anaigwira nthawi yaitali ndithu. Kenako anagwada, anaiika m'madzi akuichirikiza kumimba mpaka inapeza mphamvu n'kuwapulumuka.

Tikuyenda kupita pokwerera basi, manja awo akununkha nsomba, anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Mayi, zimenezi mwadziwa liti?" Ndinayamba kunena kuti sindikumva chimene akufunsa, koma ndinaleka, n'kuyankha kuti sabata yoyamba. Anaima panjira. "Ndiye mwandisiya ndikulavulira pulasitiki masabata atatu?" Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali. Titakhala m'basi anati, "Ndikalakwitsa samu pabolodi, mwana amene ndinkamukonda ndi amene ankakweza mkono. Sindinadziwe kuti ndafika poti mwana wanga azindinyamula ngati dzira." Ndinafuna kupepesa, koma sindinadziwe kuti ndipepese chiti, kukhala chete kapena kunama. Anandipatsa chitumbuwa chotsala, ndipo ndinachidya tikulowa mu Ilford.

Masana omwewo anatenga envulopu imene mayi anawabweretsera kalekale, ya mafomu a maphunziro a othandizira aphunzitsi m'kalasi, ntchito imene iwo ankaiona ngati yowachepetsa. Anaiyala patebulo, anandikokera mpando, anati, "Khalani apa. Mukaona ndalakwa, nenani lero lomwe." Ndinawawongola kanayi. Pofika kachinayi tinali kukangana za kalembedwe ka adiresi ngati anthu awiri wamba. Mu Disembala anapitadi kumudzi. Masabata asanu amenewo m'kabuku kanga muli mapemphero ambiri kuposa nkhani, ndipo kumapeto kwa Januwale anabwera, atada ndi dzuwa, akudandaula kuzizira asanavule n'komwe chisoti.

Sindinganene kuti nsomba ija ndiyo inawabweza, ngakhale kuti mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri uja analemba choncho ndi zilembo zazikulu. Munthu wamkulu amakhala ndi zifukwa zimene sauza ana ake. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinakula ndikuganiza kuti ulemu ndi kutseka pakamwa, ndipo nyengo imeneyo ndinaona kuti kutseka pakamwa kungathenso kumuuza munthu kuti wafooka. Ndinkayesa kuti ndikuwateteza, pamene iwo chimene ankachisowa m'dziko lino chinali munthu mmodzi wowaonabe kuti ndi olimba mokwanira kumva kuti alakwa. Ana obadwira kuno sadzavutika nazo zimenezi, amanena zonse nthawi yomweyo, ndipo mwina n'zabwino. Komabe sindimuseka mtsikana uja, amene anazizidwa masabata atatu posaka njira yonenera zoona popanda kumutsitsa bambo wake. Njirayo anaipeza yokhota, bambo anaizindikira, ndipo anamukhululukira pomupatsa mpando patebulo.