Glenda ndi Mphaka Wakufa

Glenda Boychuk anayendetsa thiraki ya tirigu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo sanakhulupirirepo munthu womwetulira kuseri kwa kauntala. Makaniko akamuuza kuti tayala latha, iye ankagwada n'kuliona yekha. Ngakhale khofi wa pamalo omwetsera mafuta ankayamba wamununkhiza. Khalidweli sanalitole panjira ayi, analitengera kwa bambo ake, a Orest, amene moyo wawo wonse ankati wogulitsa aliyense amakuseka ukangotembenuka.

Tsono a Orest anali atayamba kuiwala. Mayina a adzukulu ankawathawa, sitovu ankaisiya ikuyaka. Koma ukangotchula famu ya ku Wakaw kumene anabadwira, mawu ankatuluka ngati watsegula mpopi: pamene panali chitsime, dzina la hatchi iliyonse, nyimbo ya Chiyukireni imene amayi awo ankaimba pokanda buledi. Dokotala anauza Glenda mosapita m'mbali kuti ngati akufuna kusunga zimenezo asadikire chaka chamawa. Ndiye anaganiza zopita nawo kumeneko chisanu chisanafike, akawajambule akuyankhula ataima pa nthaka yawo.

Foni yake inali yong'aluka galasi, choncho analowa m'kasitolo ka makamera ogwiritsidwapo kale ntchito mumzinda wa Saskatoon. Mwini wake, a Navdeep, bambo wandevu zaimvi, anamulandira ndi kumwetulira. Mlandu woyamba unali womwewo.

"Ndikufuna kamera ya vidiyo yotchipa," anatero Glenda. "Osati yondinamiza nayo."

"Zonamizira anthu zatha dzulo, mayi. Zatsala zabwino zokhazokha."

Glenda sanaseke. A Navdeep anamutulutsira kakamera kakang'ono ngati sopo wosambira. Iye anakatembenuza, anatsegula pa batire, anakagwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati muli chosweka. Batire lachiwiri analivomera, pakuti woyendetsa thiraki amadziwa zimene kuzizira kumachita ndi mabatire. Khadi losungiramo zithunzi analivomeranso monyinyirika. Choimikapo kamera cha miyendo itatu anachikankha.

"Manja ndili nawo awiri."

"Nanga zomvera za m'makutu, kuti muzimva zimene zikulowa?"

"Makutunso ndili nawo."

Kenaka a Navdeep anaika pa kauntala kanthu kaubweya wotuwa, konyankhalala.

"Ichi ndiye chiyaninso?"

"Ife timati mphaka wakufa. Mumamuveka pa maikolofoni."

Magazi a Glenda anawira. Anali atamvapo za ogulitsa oseweretsa anthu, koma mpaka mphaka wakufa? Anaona kuti bamboyu wamuyeza jekete yake ya mafutayo n'kumuyesa chitsiru cha kumafamu.

"Bambo inu, mukundiona ngati ndagwa m'thiraki ya mbatata?"

"Ayi mayi, ndi dzina lake basi. Amatchinga mphepo. Kodi mukajambulira kuti?"

"Sizikukukhudzani."

"Chabwino, tengani ulere. Sindikuwonjezera kanthu."

Pamenepo ndiye anaipitsiratu. Kwa Glenda chinthu chaulere chinali nyambo, ndipo ankaganiza kuti ngati munthuyu akupereka mphaka, ndiye kuti kamerayo ili ndi chilema chimene akubisa. Anabweza kaubweyako ndi chala chimodzi, analipira zina zija, n'kutuluka akudzitama mumtima kuti lero wogulitsa wakumana nazo.

Loweruka anafika ku Wakaw. Nyumba ija kunalibe, kunangotsala mzere wa mitengo ndi ziputu za tirigu mpaka kumene maso alekezera. Mphepo inkaomba monga imaombera kumeneko, yosapuma, ndipo Glenda, amene anakula nayo, sanaimve n'komwe. A Orest anangotsika m'galimoto n'kusanduka munthu wina. Ankaloza uku ndi uku, ankatchula mahatchi mmodzimmodzi, anafotokoza za chaka chimene nkhokwe inapsa. Glenda ankawatsatira kamera ili m'manja, misozi ikulengeza, mtima uli m'malo kuti zonse zikulowa.

Mwadzidzidzi a Orest anaima n'kuyang'anitsitsa kamerayo.

"Glenda, chikundiyang'anachi n'chiyani? N'cha boma?"

"N'changa, Tato," anatero Glenda, potchula bambo m'Chiyukireni. "Ndagula."

"Wakugulitsayo amamwetulira?"

"Eya."

"Ndiye wakubera."

Anavula golovesi yawo yaubweya, ija yonga thumba, yopanda zala, imene malemu akazi awo anawalukira, n'kuiveka kamera yonse mpaka m'dzanja la Glenda.

"Tato, chonde, mukuwononga!"

"Chisandione. Tsopano ndiimbe."

Glenda analuma mano, koma sanavule golovesiyo. A Orest anaimba nyimbo ya amayi awo yonse, mpaka kumapeto.

Tsiku lotsatira anaika khadi lija mu kompyuta. Bambo ake anaoneka bwinobwino, chipewa chili pambali, pakamwa pakuyenda, chala chikuloza. Koma mawu ake anali phuu, phuu, ngati munthu akukupiza lona pa khutu. Anakweza voliyumu mpaka pamapeto. Dzina la hatchi ngakhale limodzi silinamveke. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, Glenda anasowa womuloza chala. Zinamuwawa kwambiri kuti bambo wandevu uja ananena zoona.

Kenaka, pamene golovesi ija inaphimba kamera, chithunzi chinada bii, mphepo inaleka, ndipo mu mdimamo munatuluka mawu a bambo ake, oyera, onjenjemera pang'ono, mpaka kupuma kwawo kumamveka.

Glenda anafuna kubwerera nawo ku Wakaw sabata yotsatira, atakagula mphaka uja, koma chipale chofewa chinagwa msanga chaka chimenecho, ndipo pofika Januwale a Orest anali ku nyumba yosamalira okalamba. Glenda akawafunsa za mahatchi ankangomuyang'ana ngati wabwera kudzagulitsa inshuwalansi.

Tsiku lina Glenda anawatengera nyimbo ija pa kompyuta. Anamvetsera nsidze zili pamodzi.

"Akuimbayo ndani? Waba nyimbo ya amayi anga."

"Ndinu, Tato."

"Usandinamize, mtsikana iwe. Nkhope yake ili kuti?"

Glenda anayang'ana galasi la kompyuta lakudalo, n'kugwira dzanja lawo.

"Anaibisa, Tato. Sakhulupirira anthu."

"Ndiye ndi wanzeru," anatero a Orest. "Muuze ayambirenso."